Nkhope ya Gershom m'Dimba la Repu

Ireen, mwana wa mlongo wanga, anabadwa pa miyezi isanu ndi iwiri chifukwa anatopa kudikira. Amake amakana, ati miyezi inakwana bwinobwino, koma ine ndinali pakhonde la chipatala tsikulo, ndipo ndikukuuzani kuti anamwino asanamusambitse n'komwe, mwanayo anali atawavula kale wotchi ya pamkono n'kuyamba kufunafuna potsegulira. Kuchokera pamenepo palibe mpando mu Kafue muno umene unganene kuti unatenthedwapo ndi Ireen. Nshima amadya chiimire. Akamalankhula nawe, phazi limodzi limakhala litaloza kale kumene akupita. Tchalitchi chawo chovina chija anachisankha chifukwa ndi kokhako kumene munthu angayendeyende maola anayi popanda womufunsa kuti wataya chiyani.

Ife kwathu ndi ku Katete. Atate anabwera kuno kudzagwira ntchito ya njanji, ine ndinalowa momwemo, mlongo wanga anagwira ku fakitale ya nsalu mpaka makina anakhala chete. Ireen anakulira ku Estates, dera la antchito a m'mafakitale, pakati pa amuna a sipanala ndi nyundo, koma iye zitsulo zikuluzikulu sizinkamukoka mtima. Ankafuna tinthu ting'onoting'ono tobisika m'kati. Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi anaphwasula wailesi yanga ine ndili kubafa, naibweza masikuluu atatu atatsala m'manja. Ndinathyola kale kamtengo koti ndimukwapule, koma nditaiyatsa inayamba kugwira masiteshoni a ku Kongo, a ku China, ndi ina imene mpaka lero ndimakhulupirira kuti inali ya kumwezi. Atamaliza sukulu anapita ku Lusaka kukaphunzira zokonza makompyuta, nagwirako ntchito zaka ziwiri m'kashopu ka mafoni, kenaka anabwerera. Chimene chinamuthamangitsa ndi mzere wa magalimoto m'mawa. Ati tsiku lina anatsika m'basi, nayenda wapansi, nakafika kuntchito basiyo ikadali pamene anaisiya. Pamenepa pokha sindinathire mchere.

Tsopano ali ndi kontena yake yokonzeramo mafoni ndi makompyuta pafupi ndi poimira mabasi. Ine, popeza njanji inandipumitsa, ndimakhala pabenchi panja pake. Anthu ndimawauza kuti ndine manejala. Iye amawauza kuti ndimasunga benchi kuti isabedwe.

Lachitatu lina m'mwezi wa Okutobala, malata asanayambe kulira ndi dzuwa, kunafika mayi wonunkha utsi wa nsomba, atafukata kanthu m'chitenje ngati kakhanda. Anali Emelia, amake Mtendere, wogulitsa nsomba wa ku Chanyanya. Mwamuna wake ndinkamudziwa, nanga ndani sankamudziwa? Gershom Njobvu, wojambula zithunzi. Zaka makumi awiri panjinga, kamera ili pakhosi: maukwati, makitchini pati, ana omaliza sukulu, asodzi atanyamula nsomba zotalika kuposa ine. Munthu ameneyo anajambula Kafue yense, mbuzi ndi agalu omwe. Anali atamwalira chaka chatha, ndipo Loweruka la sabata yomweyo abale anali kudzavundukula chiliza chake.

"Wosema mwala afuna chithunzi choika pamwala," anatero Emelia. "Ati lelo na 16 awazi ayenda ku Lusaka kukachipangisa. Nikachedwa, mwala uzankhala na malemba chabe."

"Chithunzi cha ba Gershom?" ndinatero ine. "Munthu wa zithunzi? Ndiye vuto lili pati?"

"Kulibe, atate. Olo chimozi."

Ndinaseka, kenaka ndinasiya, chifukwa mayiyo sanaseke. Zinali zoona. Gershom nthawi zonse ankakhala kuseri kwa kamera. Chithunzi cha pa reji yake, chitupa cha boma chija, anajambulitsa ali mnyamata, ndipo chinanyowapo mumtsinje kambirimbiri. Wosema mwala atachikulitsa panatuluka mtambo wokhala ndi makutu. Koma linalipo tsiku limodzi lokha, anatero Emelia, pamene mwana wawo Mtendere anawatsomphola kamera atate ake n'kuwajambula. Chithunzicho Gershom anachisunga mu kompyuta.

Anamasula chitenje. M'katimo munali hadi, kabokosi kachitsulo kaja kolemera kamene kompyuta imasungiramo zonse. Kumimba kwake kumakhala bodi, kambale kobiriwira ka tinjira tamkuwa, kamene kamadyetsa moto ndi kulamula zonse za m'kati.

Ireen anali atafika kale pafupi, foni ya munthu wina ili m'dzanja lina, banzi lili pakamwa. Anaitembenuza hadiyo, naiyang'ana m'mbali, nainunkhiza ngati mayi wogula nyama.

"Amama, nindani anasegulako apa?"

"Ni ba mulamu, ba Fanwell."

"Na chani? Na nkhwangwa?"

Masikuluu a bodi ija mitu yake ndi ya nyenyezi, ndipo amafuna sikuludiraiva yakeyake. Awa anali atatafunidwa ndi mpeni mpaka nyenyezi zonse zitasanduka mwezi.

Emelia anafotokoza. Fanwell ndi mng'ono wake wa malemu, wokonza mainjini a maboti ku Chanyanya. Pamaliro paja anafuna chithunzi chomwecho kuti chikhale papepala la mwambo. Malaiti kunalibe, ndiye analumikiza kompyuta ku jenereta imene inkayatsa mababu m'tenti. Kunamveka phu, kunatuluka kautsi, basi. Fanwell anachotsa hadi nati akonza. Inakhala kwa iye chaka chathunthu. Emelia anafunsa kamodzi, nafunsanso kachiwiri, ndipo kachitatu sanafunse, pakuti mkazi wamasiye akamakumbutsa alamu ake pafupipafupi amayamba kutchedwa mayina. Dzulo lake madzulo ndi pamene Fanwell anaibweza, ati yakana.

Ireen anailumikiza ku waya, natsamiza khutu pachitsulo. Inalira vuuu, kenaka khe, khe, khe, ngati nkhuku yotsamwa. Sanadikire khe wachinayi, anazula waya. Anatenga mita yake, kachipangizo ka timichira tiwiri kamene kamalira kakapeza pamene moto ukudutsa molakwika, nagusa apa, nagusa apo. Mita inali chete.

"Mwati inachoka utsi? Iyi bodi siinapsepo. Kulibe fungo, kulibe chipsera. Iyi bodi si yake. Nipaseni namba ya ba Fanwell."

Anaiika foni patebulo kuti tonse timve. Kumbuyo kwa mawu a Fanwell kunkamveka injini ikutsokomola.

"Ee, ninachinja," anatero Fanwell monyadira. "Ba Gershom banagula mahadi yabili siku imozi, yolingana. Ninachosa bodi ku inzake. Ni mapasa, mwana wanga, namba imozi, vonse. Pa injini ndiye mwamene timachitila. Kabuleta ya iyi ingena pali iyi, walizako, wayenda."

"Mwaiyasha kangati kuchokela pamene munachinja?"

"Ah, nikapeza nthawi. Kapena ka twente. Nenze kuigogodako pang'ono na sipanala kuti imasuke."

Ireen anatseka maso. Ndinaona milomo yake ikuyenda, ndipo sindikudziwa ngati linali pemphero.

"Bodi yakale ili kuti, ba Fanwell?"

"Yakupsa ija? Ninaiponya mu katoni ya masidi."

"Katoni ili kuti?"

Injini ija inazima. Fanwell anatsokomola m'malo mwake. "Koma tinagaba katundu."

Amene simunakhalepo pa maliro a kwathu, mverani. Munthu akaikidwa, abale amakhala pansi n'kugawana zimene wasiya, ndipo aliyense ayenera kunyamula kenakake, ngakhale supuni, kuti malemu akhale ndi malo m'nyumba iliyonse ya mtundu wake. Pa maliro a atate anga ine ndinalandira nsapato imodzi, inzake ili ku Katete mpaka lero. Kwa Gershom zinayendanso choncho. Kamera inapita kwa Fanwell, njinga kwa mphwake, galasi la kompyuta kwa msuweni wina kumudzi kumene kulibe ndi waya womwe wa magetsi. Katoni ya masidi inagwera mlongo wake wamkulu, Alice, mlimi wa ndiwo zamasamba ku Shimabala, panjira ya ku Lusaka.

"Nanga si ba mulamu bakamba ati ni mapasa?" anafunsa Emelia. "Chivuta n'chani?"

Ireen anatembenukira kwa ine. Anandizula magalasi pamphuno, ine mkulu wathunthu, manejala, nawaveka Emelia.

"Muona chani, amama?"

"Nkhungu."

"Magalasi ni yabwino, na maso yanu ni yabwino, koma si yanu. Mukati mwa hadi muli mbale zozungulila na kamutu kobelenga, monga nsingano ya gilamafoni ya ba malume aba. Hadi iliyonse baipima yeka ku fakitale, mapimidwe yake balemba mu kachipu kamozi pa bodi, ka myendo eyiti. Aka kali apa ni ka inzake. Ndiye chifukwa ichita khe khe, ifunafuna njila siiona."

"Kachipu kaja kakasoba?"

"Kakasoba, amama, olo ine ningalephele. Siningakunameni."

Emelia anavula magalasi nandibwezera ndi manja awiri.

Panalinso china. Sabata imeneyo malaiti kudera lathu ankapita 2 koloko masana n'kubwera dzuwa litalowa. Ife a ku Kafue timagona pambali pa mtsinje umene umayatsa dziko lonse, koma moto wake timaupatsa moni ukamadutsa pamwamba pathu popita kwina. Chowotcherera cha Ireen chimafuna magetsi enieni, ndipo za jenereta pa hadi imeneyo sanafune n'kumva komwe. Wotchi inkati hafu pasiti naini.

"Ba malume, nyamukani. Benchi izazisunga yeka."

Anakhoma kontena. Minibasi ya ku Lusaka tinaipeza ili ndi anthu anayi, dalaivala atatsamira chiwongolero ngati wagona pa mtsamiro wa ukwati. Ireen anakhala pampando nthawi yokwana kupuma kawiri, natuluka, nayamba kuitanira yekha. Anyamata oitanira aja anaima pambali kukamwa kuli yasa. Analowetsa mayi wa nkhuku, analowetsa abusa, analowetsa ndi bambo wina amene ankangodutsa popita kukameta, ndipo ndikumva kuti bamboyo ali ku Lusaka mpaka pano, anakwatirako. Pasanathe mphindi khumi basi inali pamsewu.

Dimba la Alice tinaliona tisanatsike n'komwe. Linkathwanima. Pamwamba pa mizere ya repu ndi tomato panadutsa zingwe, ndipo pazingwezo panalendewera masidi mazanamazana, akuzungulira ndi mphepo, akuponya dzuwa m'maso mwa mbalame. Maukwati onse a mu Kafue a zaka makumi awiri anali pamenepo, akulondera ndiwo. Ndinafuna kunena kuti ena mwa maukwatiwo ndiye ntchito yabwino yokhayo imene anagwirapo, koma ndinaona Emelia ataima. Anagwira sidi imodzi kuti isiye kuzungulira. Panali zolemba za inki yakuda, zofufuma ndi dzuwa, dzanja la mwamuna wake. Anaisiya, nipitiriza kuzungulira.

Alice ndi mayi wa thupi, wa mawu oti akaitana mwana ku Shimabala amayankha wa ku Chilanga. Tinamupeza akuthirira, paipi ili m'manja. Emelia anagwada, ndipo moni unayamba. Za ku Chanyanya. Za Mtendere ndi sukulu yake. Za nsomba, za madzi kuchepa mumtsinje, za mwendo wa Alice umene unatupa mu Juni. Ireen anagwada nawo monga mwana woleredwa, koma bondo lake linkagunda pansi ngati makina osokera, ndipo maso ake anali atayenda kale dimba lonse kawiri. Moni usanafike pa mwendo wachiwiri, anali atazimirira pakati pa tomato.

"Ili kuno," anaitana.

Inali kumapeto, pafupi ndi mpanda, itamangidwa ndi kansalu ka neti ya udzudzu kudzera pabowo la sikuluu. Chaka chathunthu cha mvula, fumbi ndi dzuwa. Mbalame zina, zosaopa kanthu, zinali zitasiyapo maganizo awo. Ireen anaipukuta ndi chala, naiyandikiza kumaso.

"Kachipu kalipo. Myendo yachita gilini, koma kalipo."

Anayamba kumasula mfundo.

"Iwe mwana, siya," anatero Alice. Sanakweze mawu, koma madzi a m'paipi anabwerera okha. "N'chani chamene utenga mu dimba yanga?"

Ndinalowererapo monga mkulu. Ndinafotokoza za mwala, za wosema, za kachipu. Alice anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kudazi.

"Imwe ndimwe bandani pa maliro aya?"

"Ndine manejala."

"Ba manejala, chamene munthu apasiwa pa maliro sichibwelela. Ine bananipasa katoni, benangu banatenga makamela na manjinga, sininakambe kanthu. Manje mufuna muchose Gershom pa nyumba yanga? Mailo muzabwela kutenga na masidi."

Ireen anayang'ana wotchi, natsegula pakamwa. Ndinamuponda phazi. Pamene pafika nkhani ya alamu, mwana wa eni ena amakhala chete, ngakhale atadziwa mapimidwe a mahadi onse a padziko.

Emelia anagwadanso. "Ba mulamu, siniifuna kuti inkhale yanga. Ni yanu. Koma pa Chibelu, siku ya chiliza, banthu bazabwela kuchoka ku Katete, bazavundukula nsalu, bazapeza zina chabe na madeti. Mtendere ananifunsa ati, amama, batate tizabaika nkhope ya ndani?"

Alice anatseka paipi. Anaiyang'ana bodi ija nthawi yoti Ireen akanatha kupita ku Kafue wapansi n'kubwerera. Kenaka anapukuta manja m'chitenje, namasula yekha mfundo ija, naiika bodi pachifuwa, m'kati mwa bulauzi.

"Niyenda nayo neka. Ikachoka pamaso panga, nizagwetsa kontena."

Ndipo popeza ulendo wa kutauni suyendedwa chimanjamanja, anatidikiritsa kuti amange mitolo makumi atatu ya repu.

Pamsewu mabasi ochokera ku Lusaka ankadutsa odzaza. Yoyamba, yachiwiri, yachisanu. Ireen ankapita uku n'kubwerera, kupita n'kubwerera, ndipo ngalande imene mumaiona m'mbali mwa msewu pa Shimabala anakumba ndi iyeyo tsiku limenelo. Pomaliza anaimitsa kalole konyamula njerwa. Amayi awiri anakhala kutsogolo, ine ndi Ireen ndi repu kumbuyo. Tinafika pakontena wotchi ikuti kota tu wanu, ine nditafiira ngati chulu.

Alice anatulutsa bodi, nakhala pabenchi yanga, naikokera pakhomo penipeni kuti aone zonse. Ireen anatsuka bodiyo ndi sipiriti ndi kamswachi, nayatsa nyale, natenga mita. Atangogusa pa kanthu kakuda pafupi ndi polowera moto, mita inalira tswiii.

"Iyi ni dayodi," anauza Alice, poti mwini katundu ayenera kudziwa. "Ni mlonda wa pa geti. Moto ukabwela wambili, ndiye amafa kuti vinangu visapse. Akafa yeka, nimamuchosa chabe, hadi yauka."

"Ndiye muchose."

"Onani apa." Analoza chipu chachikulu chapakati, chimene chimazunguza mbale. Pamsana pake panali chithuza ngati cha munthu wopsa ndi phala. "Moto wa jenereta unapita mlonda, unangena na mu nyumba. Iyi bodi siizaukanso. Tizatenga kachipu chabe, tikaike pa bodi ya inzake."

"Bodi yanga izasala na chibowo?"

"Kang'ono, monga pochoka dzino."

"Chosa."

Apa ndiye pali chodabwitsa cha mwana wa mlongo wangayu, chimene ndimalephera kuchimvetsa ngakhale ndachiona kambiri. Akagwira kachitsulo kotolera ndi chowotcherera cha mpweya wotentha, thupi lonse limaima. Phazi limaleka kugunda. Ntchentche ikhoza kumutera pamphuno, kumanga nyumba, kulera ana. Kuyendayenda konse kuja kumasamukira mwa ife oonerera. Emelia ankapinda chitenje chake n'kuchifunyulula. Alice ankathothola masamba a repu wake womwe. Ine ndinayang'ana wotchi mpaka inachita manyazi.

Anayamba ndi bodi ya mapasa. Anapaka timafuta tothandiza mtovu kusungunuka, naombera mpweya mozungulira, ndipo kachipu kosafunikako kanatuluka mosavuta ngati dzino la mwana. Anakaika m'kabotolo kuti kasasokonezeke ndi kanzake. Kenaka bodi ya m'dimba. Kachipu kake n'kochepa kuposa njere ya nyemba, ndipo pakona imodzi pali kadontho kosonyeza mwendo woyamba. Ukakaika chozondoka, ukayatsa, kapsa, nkhani yatha. Ireen anajambula ndi foni kuti asaiwale mbali.

"Ba malume, musapume."

"Kufikira liti?"

"Nizakuuzani."

Mpweya unalira. Mtovu wakale, wodyedwa ndi mvula, unkakana kusungunuka. Anawonjeza watsopano, naomberanso, osafulumira, chifukwa kutentha kukachuluka zolembedwa m'katimo zimawonongeka. Kachipu kanagwedezeka, kananyamuka. Anakaika pansi pa galasi lokulitsa, nawerenga.

"Seveni," anatero.

"Seveni chani?" anafunsa Alice.

"Myendo. Umozi wasala pa bodi. Nguwe inaudya, dzimbiri ya mvula."

Emelia anatulutsa kamawu kakang'ono, ngati munthu wobayidwa ndi munga wa nsomba. Wotchi inkati twente pasiti wanu.

Ireen sanadzutse mutu. Anatenga lezala nayamba kupala pambali pa kachipu, pamene mwendo unathyokera, pang'onopang'ono, mpaka kachitsulo konyezimira kanaonekera, kochepa ngati diso la nyerere. Anadula waya wa zomvera m'makutu zakufa, nasolola kaulusi kamodzi ka mkuwa, kowonda kuposa tsitsi limene ndinali nalo kale. Anakhazika kachipu pa bodi ya mapasa, kadontho kali kumbali yake, nawotcherera miyendo isanu ndi iwiri. Wachisanu ndi chitatu anaupanga ndi kaulusi kaja. Koyamba kanathawa. Kachiwiri kanagwira mwendo woyandikana nawo, nachotsa, nayambanso. Kachitatu kanakhala. Anagusa ndi mita mwendo uliwonse, umodziumodzi, napukuta timano tamkuwa pamene bodi imakhudzana ndi hadi, namanga ndi masikuluu ena, osati otafunidwa aja.

"Pumani, ba malume."

Inali twente tu thu. Analumikiza waya, natsamiza khutu. Tonse anayi tinatsamiza makutu, mitu inagundana. Vuuu. Kenaka kaphokoso kofewa, ngati mbewa ikuyenda padenga. Tinadikira khe. Sanabwere.

Pagalasi la laputopu panatuluka mafoda, mzere wautali wosaoneka mapeto. Gershom ankasunga zithunzi monga mmene ankaitanira anthu: Mwana wa ba Dikoni, Asodzi a ku Harbour, Ukwati wa mvula, Ba Tembo wachiwiri.

"Tsegula ya ba Tembo," ndinatero. "Ukwati umenewo ndinavina ine."

"Iyi hadi yamenyewa na sipanala ka twente. Siniziba ngati izayenda maminiti yangati. Chamene tabwelela ndiye choyamba. Amama, inali siku bwanji?"

Emelia anagwira pachipumi. "Mtendere atapasa giledi seveni. Banagula Fanta na mabisiketi. Inali Disemba, mvula inali kugwa."

"Chaka?"

Emelia anatchula chaka china, Alice anatsutsa natchula china, nayamba kuwerenga ndi mimba za ana a eni. Ireen anawasiya akukangana, nalemba dzina la mwanayo pofufuzira. Laputopu inaganiza. Inaganiza ngati komiti. Hadi inachita khe kamodzi, tonse tinauma, kenaka inapitiriza. Panatuluka foda yolembedwa kuti Mtende wanga.

Sanatsegule kuti aone. Anabaya fulashi, nakokera foda yonse, ndipo kamzere kobiriwira kanayamba kukwawa. Ndaonapo sitima ya katundu ikukwera chitunda ndi mabogi makumi anayi, koma inkathamanga poyerekeza ndi kamzere kameneko. Kanafika kumapeto faifi tu thu. Ireen anayamba kukopera mafoda ena, koma asanafike patali fani ya padenga inayamba kuzungulira mwaulesi, nyale inazima, hadi inalira vuu motsika n'kukhala chete.

"Vinangu tizayesa mailo, ngati izavomela," anatero. Laputopu inali ndi batire lake. Anatsegula fulashi.

Zithunzi zambiri zinali za Mtendere, kamtsikana ka mano otalikirana katanyamula pepala la mayeso. Kumapeto kunali zitatu zopendekeka. Choyamba chinali chifuwa cha munthu wopanda mutu, malaya a mizeremizere. Chachiwiri chinali denga ndi khutu. Chachitatu anali Gershom, nkhope yonse, yowala bwino, diso lililonse lili mbee. Koma kukamwa kunali kotsegula, nsidze zitakwera, dzanja litatambasukira kwa wojambula, chala chikuloza.

Panja kondakitala ankaitanira za ku Mazabuka.

"Benze kukamba ati, gwila na manja yabili, iwe, uzagwetsa," anatero Emelia. Anaseka pang'ono, kenaka anaphimba nkhope ndi chitenje, mapewa akugwedezeka. Ireen, amene sadziwa chochita ndi munthu wolira, anayamba kupukuta tebulo limene linali loyera kale.

Patapita nthawi Emelia anapukuta maso, natembenukira kwa Alice. Mawu ake anatsika. "Kaya ba mulamu. Pamanda, munthu kukamwa kuli so. Ba Fanwell na bakulu ba ku Katete bazakamba ati nabachotsela ulemu. Kapena tingouza wosema aleke."

Alice anakoka laputopu, naiyandikiza mpaka mphuno inatsala pang'ono kugunda galasi. Anayang'ana nthawi yaitali. Anapukuta galasilo ndi chala chachikulu, pamene panali tsaya la mlongo wake, nasiyapo dothi la m'dimba.

"Uyu nenze kumubeleka kumbuyo," anatero. "Kuchokela ali so, kamwa siinatsekepo. Aliyense amuuze moimilila, amuuze mogwilila kapu. Mufuna tiike munthu wotseka pakamwa, banthu bakafunse ati uyu nindani?" Anabweza laputopu. "Ni yamene iyi. Fanwell akakamba, mumuuze abwele ku Shimabala na sipanala yake."

Anatola bodi yake ya chibowo patebulo, naibwezera mu bulauzi, nanyamula repu kupita naye kumsika.

Ireen anaika fulashi m'kanvulopu, nalembapo nambala ya chithunzi kuti wosema asakasokoneze n'kuika chifuwa chopanda mutu. Kwa wosema mwala ndi kutsidya la njanji, ulendo wa mphindi makumi awiri, ndipo nthawi inalipo yokwanira. Ndinamuuza Emelia kuti akhale kaye pabenchi, amwe madzi, dzuwa lipepuke. Anathokoza, koma sanakhale. Anamanga envulopu ija pakona ya chitenje, mfundo ziwiri, nayamba kuyenda. Atafika pa njanji anali akuthamanga.